Maiki Yachinayi ya Ana a Telala

Mukafunsa aliyense amene anakula akumvera wailesi kuti mwa Ana a Telala ankayimba besi ndani, akuyankhani musanamalize n'komwe funso: chibambo chachifuwa chija, choima kumapeto kwa mzere. Ena amachita kulumbira kuti chikangotsegula kukamwa, mabenchi a m'holo ankanjenjemera. Mabenchiwo ankanjenjemeradi, izo sitikana, koma wowagwedeza anali wina. Kwa zaka makumi anayi ndi zisanu munthuyu anaima pa siteji osatulutsa liwu ngakhale limodzi, ndipo abale ake ankamutchula kuti Nsomba.

Bambo awo anali telala wa pamsewu wopita kumsika, munthu wamfupi, wa mapini kukamwa ndi tepi m'khosi. Ankakhulupirira kuti mwana wongokhala ali ngati ulusi wolendewera, ukaulekerera chovala chonse chimaphwasuka. Choncho ana awo anayi akaweruka kusukulu ankawalowetsa m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, pakati pa mipukutu ya nsalu ndi simbi yamakala, n'kuwayimbitsa mpaka dzuwa litapendeka. Nyimbo ankaiyendetsa ndi ndodo yoyezera nsalu. Ankagogoda nayo patebulo, ndipo wina akaphonya, ndodoyo inkasiya tebulo n'kupita kwa wophonyayo.

Woyamba kubadwa, amene onse ankangoti Achemwali, anali ndi mawu okwera, oyera, otha kuimitsa munthu panjira. Wachiwiri, Achimwene, anali woonda ngati singano, koma atangotha msinkhu mawu awo anagwera pansi penipeni ndipo sanakwerenso. Chitsiriza, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, kankalowa pakati pa awiriwo n'kutseka mipata yonse. Ndiye panali wachitatu kubadwa, wa zaka khumi ndi chimodzi, wamkulu thupi, amene ankakonda kuyimba kuposa onsewo.

Tsoka lake linabwera Lachisanu lina, mawa lake kuli ukwati wa mwana wa mwini golosale, komwe anawo ankakayimba koyamba pagulu. Atelala anaganiza zowamva mmodzimmodzi. Atafika pa iye anamvetsera mzere umodzi, kenako anaika ndodo pansi pang'onopang'ono, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Tayambiranso."

Anayambiranso.

"Mwana wanga," anatero Atelala, "mawu akowa akudula nsalu mokhota."

Mayi awo, amene ankasita madiresi pakona, anati ngati zili choncho mwanayo atsale, asakachite manyazi pagulu.

"Atsale bwanji? Mayunifolomu ndasoka anayi. Nsalu yodula kale siibwerera kusitolo."

Tsogolo la munthu linagamulidwa chomwecho, ndi mamita awiri a nsalu yabuluu. Atelala anamuuza kuti azitsegula kukamwa monga anzake, koma uzituluka mpweya wokha. Anamuimika kumapeto, chammbali, atayang'ana abale ake, kuti anthu asamuone m'kamwa mwachindunji. Anamuchenjezanso kuti wonamizira kuyimba amagwidwa ndi kuchedwa, chifukwa milomo ikatsalira m'mbuyo ngakhale mwana amazindikira. Poopa ndodo, mnyamatayo analoweza mawu a nyimbo iliyonse, a mbali zonse zitatu, ndipo kuti asachedwe anazolowera kutsogola pang'ono, kamphindi kochepa ngati kuphethira kwa diso. Achimwene atamuona akutsegula ndi kutseka kukamwa popanda phokoso anaseka mpaka kugwera pansalu za makasitomala, n'kumupatsa dzina limene linam'kakamira mpaka imvi.

Ukwatiwo unayenda bwino zedi. Pamapeto mayi wina anabwera kudzamutsina tsaya Nsomba, nati mwana wamng'ono chonchi mawu ngati mkango. Achimwene anali ataima pomwepo, akupukuta thukuta. Palibe amene anawayang'ana.

Kuchokera pamenepo Ana a Telala sanakhalenso pakhomo Loweruka. Ankayimba m'maukwati, potsekera sukulu, potsegulira sitolo, potsanzikana ndi abwana opuma pantchito amene aliyense ankasangalala kuti akupita. Kenako wailesi inawaitana, ndipo nyimbo yawo ya Nyali ya Pakhonde, imene Atelala anaipeka akusoka jekete, inalowa m'nyumba iliyonse imene inali ndi mabatire. Inali nyimbo ya mayi wodikira mwana wake amene anachoka kalekale. Anthu ankaiyimba pochapa, popalasa njinga, ena n'kumalira osadziwa chowaliza. Nyengo ya mamaiki itafika Atelala anagula anayi, chifukwa atatu akanaulula chinsinsi. Waya wa maiki yachinayi unkayenda mwaulemu pamodzi ndi anzake, n'kukhotera kuseri kwa sipika, kumene unkamangidwa kumwendo wa tebulo. Nsomba ankaumanga yekha, mfundo yolimba ya mwana wa telala.

Musaganize kuti inali ntchito yopepuka. Tayesani nokha kuyimba nyimbo khumi ndi ziwiri popanda mawu, mitsempha ya m'khosi itatupa, nsidze zikukwera pokwera nyimbo, muone ngati simuchita chizungulire. Nsomba ankatsika pa siteji atatopa kuposa onse. Thupi lake linakulirakulira, chifuwa ngati kabati, ndipo pachikuto cha kaseti iliyonse wojambula ankamuika pakati, akuti besi ndiye mzati wa gulu. Achimwene, amene mkati mwa sabata ankayendetsa basi, ankapezeka m'mphepete mwa chithunzi, nthawi zina khutu lokha.

"Wolima wina, wokolola wina," ankadandaula motero Achimwene m'galimoto pobwerera.

"Tisinthane, achimwene," Nsomba ankayankha. "Inu mutenge azimayi ondiponyera mipango aja, ine nditenge mawu."

Onse ankaseka, iyenso ankaseka nawo. Koma sinali nthabwala.

Kutchuka kunabwera ndi mavuto ake. Munthu ankalowa m'shopu kudzayezetsa thalauza, n'kupempha kuti amuyimbireko kamzere kamodzi kokha. Nsomba ankaloza mapini amene anali kukamwa, mapini amene ankawaika dala akangoona munthu wa nkhope yopempha nyimbo. Chaka china mphunzitsi wa kwaya ya pasukulu anam'chonderera kuti akaphunzitse anyamata ake besi. Anapita, poti kukana kukanadabwitsa. Anawauza kuti aziloweza mawu, azitsegula kukamwa mokwanira, asamachedwe, ndipo iye sawayimbira chifukwa angataye mtima. Kwayayo inapambana mpikisano, ndipo mphunzitsiyo anamutumizira kalata yothokoza imene ikadali m'felemu pamwamba pa makina.

Mkazi wa Nsomba nayenso anakodwa mumsampha womwewo. Anali wogulitsa matikiti paholo ina, ndipo anabweretsa kushopu diresi lopanda vuto katatu konse kuti alibweze m'chiuno. Atakwatirana, m'mawa woyamba anamva phokoso kubafa, nathamanga poganiza kuti mpopi wathyoka. Anapeza mwamuna wake akuyimba Nyali ya Pakhonde ndi mtima wonse, sopo ali m'maso. Anaima pakhomo nthawi ndithu.

"Nanga besi ija?"

"Ndi ya Achimwene."

Mayiyo anaganiza pang'ono. "Chabwino. Achimwenewo ndinawaona, sindikanawalola. Malizani kusamba, tiyi akuzizira."

Anakhala naye, anabereka naye ana atatu, ndipo chinsinsicho anachisunga kuposa eni ake. Mwamunayo akamufunsa ngati mawu akewo ali oipadi, ankati si oipa ayi, kungoti sadziwa kumene akupita.

Kamodzi kokha ndi pamene abale ake anayesa kuyimba popanda iye. Kunali kojambula kaseti yachitatu, ndipo mwini situdiyo, munthu wa makutu akuthwa amene anatulukira chinsinsicho tsiku loyamba, anati m'kachipinda kojambuliramo ndi mothina, chibambocho chidikire pabenchi panja. Nyimbo imene ankaiyimba sabata ndi sabata inawakanika. Achemwali ankayamba vesi lachiwiri m'malo mwa loyamba, Chitsiriza ankalowa mochedwa, Achimwene ankangoti mmm podikira kumva kumene anzawo alowera. Anabwereza kakhumi ndi kanayi. Achemwali anati vuto ndi fani, fani inazimitsidwa. Anati tsopano kukutentha. Anati mwini situdiyo akuwayang'anitsitsa. Potsiriza anati kukhosi kwauma, ndipo Nsomba anaitanidwa kuti alowe ndi kapu ya madzi. Anaima pakona, kapu kumanja, ndipo nyimbo itayamba milomo yake inayamba yokha monga inazolowera. Nyimboyo inajambulidwa ulendo umodzi.

Banja lonse linagwirizana kuti mankhwala anali madziwo. Kuyambira tsikulo, kulikonse kojambula nyimbo Nsomba ankalowa nawo ngati wonyamula madzi a Achemwali, ndipo iye mwini ankakhulupirira zimenezo kuposa wina aliyense. Ankachita kusankha kapu.

Atelala atadwala matenda awo omaliza, Nsomba anali atatenga kale makina ndi shopu, ndipo ndiye ankawasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi. Masana ena, ali awiriwiri, analimba mtima.

"Bambo, nthawi ija ndinali mwana. Mawu a munthu amasintha. Bwanji mundimvenso kamodzi?"

Atelala anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuyeza jekete ndi maso.

"Uli bwino pomwe ulipo," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Anamwalira sabata yomweyo. Pamaliro ana anayi anaima mwadongosolo lawo la nthawi zonse, ndipo Nsomba analira bambo ake ndi milomo yokha. Zinamupweteka kwambiri, kuposa ndodo zonse zimene anakwapulidwa nazo ali mwana. Amene analipo amati besi ya tsiku limenelo sidzamvekanso.

Zaka zinapita. Makaseti anatha, zimbale zinabwera nazonso n'kutha, nyimbo zinasamukira m'mafoni. Maholo anayamba kuchepa, kenako kunali kumangoitanidwa kumaphwando a okalamba anzawo. Anayiwo anakangana kambirimbiri. Chitsiriza, amene anali namwino, anatuluka m'gulu kawiri, Achimwene katatu, ndipo ulendo wina Achemwali ndi Achimwene anatha chaka chathunthu osalankhulana, uku Loweruka lililonse akuyimba nyimbo za chikondi cha pachibale, mapewa atagundana. Uthenga wawo unkadzera mwa Nsomba. Yekhayo ndiye sanatulukepo, mwina chifukwa munthu sangaopseze anzake kuti asiya ntchito imene sagwira. Ankasoka mayunifolomu atsopano, kukulitsa m'chiuno mwa Chitsiriza, kubweza m'mapewa mwa Achimwene, ndipo m'dirowa ya makina ankasunga kope la mawu a nyimbo zawo zonse makumi asanu ndi limodzi. Kopelo palibe amene analibwerekapo.

Kenako dokotala anawauza Achemwali kuti mtima wawo watopa, ndipo ngati akufuna kuona zidzukulu zikukula asiye zokoka mawu. Achemwali anamukumbutsa dokotalayo kuti iwo anayamba kuyimba iye asanabadwe. Koma atakomoka pamasitepe a holo ina, anagonja. Anayiwo anagwirizana zoyimba komaliza Lamlungu masana, m'holo yaikulu ya pafupi ndi siteshoni, kenako basi.

Nkhaniyi inam'sowetsa mtendere Nsomba. Anasoka thumba la thalauza ya munthu mozondoka, napsereza kolala ya wina ndi simbi. Mkazi wake anamuyang'ana masiku atatu, lachinayi anamulanda sizasi.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, bambo. Likadutsa Lamlungu limenelo mudzayimbira ndani? Ine ndi bafa takumvani mokwanira."

Nsomba anaitanitsa abale ake m'kachipinda komwe kaja. Simbi yamakala inali itasanduka chotchingira chitseko, koma ndodo yoyezera nsalu inali ikadali pamsomali. Nsomba anaimirira ngakhale mpando unalipo.

"Achemwali, achimwene, iwenso mlongo wanga. Zaka makumi anayi ndi zisanu sindinapemphepo kanthu. Ndikupempha vesi limodzi, lachitatu la Nyali ya Pakhonde, lija la mwana akubwerera kwawo. Ndiliyimbe ndi mawu, maiki italumikizidwa."



Oyamba kuvomera anali Achimwene, ndipo anavomera mofulumira mokayikitsa. "Ayimbe. Dziko lidziwe." Tsiku limeneli anali atalidikira moyo wawo wonse. Chitsiriza anati munthu wa imvi sangamukanize, bola asadzanene kuti sanachenjezedwe. Achemwali ndiwo anakana, ndipo anakana mwaukali woposa nkhaniyo.

"Bambo anakuika pamalo pako."

"Bambo anagona, achemwali. Ine ndikadali maso."

"Ukufuna utichititse manyazi tsiku lomaliza?"

"Vesi limodzi lokha."

"Ndiye uyimbire pomwe umaima paja."

"Ayi. Ndipita kutsogolo, ndiyang'ane anthu. Nkhope zawo ndakhala ndikuziona ndi khutu lakumanzere."

Achemwali anaoneka ngati anena china, koma anameza. Anatola chikwama chawo. "Zako izo. Koma zoyeserera pamodzi ayi, makutu anga apirire kamodzi kokha." Nsomba anaganiza kuti ndi nkhanza chabe za woyamba kubadwa, ndipo anawasungira kukhosi.

Anayeserera yekha milungu isanu, makina akulira kuti odutsa asamve. Vesilo ndi loyankhana. Mwana amayimba mzere ali panja, ndipo mayi amayankha ali m'nyumba. Zaka zonsezi mizere ya mwana ankaiyimba Chitsiriza, ndipo yankho ankalitsogolera Achemwali, Achimwene akuwagwirizira pansi. Nsomba ankayimba mzere wake, n'kusiya mpata wa yankho, n'kuyimba wina. Mkazi wake ankamvetsera ali kukhomo, ndipo tsiku lina anam'gulira uchi.

Lamlungulo holo inadzaza. Munali imvi ndi ndodo zoyendera, ana akuluakulu atabweretsa makolo awo, ena atanyamula makaseti akale opanda poimbira. Nsomba anafika msanga. Anapereka waya wa maiki yachinayi kwa mkulu wa zokuzira mawu, n'kuima pomwepo mpaka ataona ndi maso ake kuti walowa pabowo. Kumapeto kwake wayawo unali wopindika, pomwe pankakhala mfundo, ndipo unkakana kuwongoka.

Nyimbo khumi ndi imodzi zinayenda monga kale. Nsomba anaima chammbali, maiki ataitalikitsa kuti isagwire mpweya wake. Mawu a Achemwali anali atachepa koma anali oyerabe. Kenako inafika Nyali ya Pakhonde. Mavesi awiri oyamba holo yonse inayimba nawo, koma lachitatu anthu saliyimba, ndi pomwe amatulutsa mipango. Nsomba anayenda mapazi atatu kupita kutsogolo. Kwa nthawi yoyamba anaona nkhope zonsezo maso ndi maso, ndi mkazi wake pamzere wachiwiri atakumbatira chikwama. Anakoka mpweya, ndipo monga mwa chizolowezi chake analowa kamphindi nthawi isanakwane.

*Ndabwera, amayi, nditsegulireni chitseko.*

Mawuwo anatuluka aang'ono, okwera, onjenjemera, a mnyamata wa zaka khumi ndi chimodzi amene anatsekeredwa m'chifuwa cha bambo wa imvi. Kumapeto anakhotadi pang'ono, Atelala sananame. Koma anatuluka, anadutsa m'waya, anakafika kukhomo la holo, ndipo Nsomba anadzimva yekha akubwerera kuchokera kukhoma. Chimwemwe chotero anali asanachimvepo chibadwire.

Anadikira yankho. Silinabwere.

Anacheuka. Achimwene anali atagwira mmm wawo, maso ali pa Achemwali. Chitsiriza, amene moyo wake wonse ankayimba kupempha osati kuyankha, nayenso maso ali pa Achemwali. Ndipo Achemwali, mayi amene anayimba pamaso pa zikwizikwi osaphethira, anali ataima kukamwa kuli yasa, dzanja pachifuwa, akuyang'ana kumapeto kwa mzere pamalo opanda munthu. Kenako anamupeza. Sanamuyang'ane m'maso. Anamuyang'ana pakamwa, mwamantha, ngati mwana wotayika pamsika.

Pamenepo Nsomba anakumbukira kapu ya madzi ija, ndipo zonse zinamulowa m'mutu nthawi imodzi.

M'vesilo munali mutatsala mizere yake itatu. Anali ataiyeserera milungu isanu, atailakalaka zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo Lamlungu lina kunalibe. Anayang'ana maiki, nayang'ana Achemwali. Kenako anabwerera mapazi atatu aja, anatsitsa maiki, anaima chammbali, n'kutsegula kukamwa mooneka bwino, popanda liwu. Achemwali anatola mawuwo pamilomo yake.

*Sichinatsekedwe, mwanawe, kankha ulowe.*

Chitsiriza anatenga mizere ya mwana monga kale, besi inabangula, mipango inanyowa. Anthu anaimirira n'kuwomba m'manja mpaka wosamalira holo anayamba kuzimitsa mafani. Potuluka ambiri ankakalipira mkulu wa zokuzira mawu, akuti tsiku lomaliza lenileni n'kuwononga maiki ya besi, mawu a munthu wamkulu mpaka kumveka ngati a mwana. Achimwene anazimva zimenezo ali pakhomo, pomwe anaima kudikira kuti dziko liwapepese. Anangokhala pansi pasitepe.

M'chipinda chovaliramo Achemwali anali atavula nsapato, akupuma movutikira. Nsomba anawapatsa kapu ya madzi, poti manja nawonso ali ndi chizolowezi. Anaiyang'ana, n'kuiika pansi.

"Madziwa sindinawafunepo, iwe."

"Ndaona, achemwali."

"Mutu wangawu sugwira mawu. Nyimbo ndimaimva bwinobwino, koma anthu akangondiyang'ana mawu amandithawa. Paukwati woyamba uja ndinaiwala zonse, ndiye ndinaona pakamwa pako pakutsogola. Ndinangotsatira. Mpaka lero."

"Bambo ankadziwa?"

"Anazindikira chaka chachiwiri. Anati ndisakuuze."

"Chifukwa?"

"Anati munthu akadziwa kuti ndi wofunika amayamba kufuna zambiri."

"Nanga atamwalira?"

Achemwali anayang'ana zala zawo zakumapazi. "Ndinachita manyazi. Woyamba kubadwa ndine."

Nsomba anafuna kukalipa. Anakwiyira bambo ake amene anagona kalekale, anakwiyira mlongo wakeyo, ndipo pansi pa mkwiyowo panali kunyada kumene sanadziwe kuti akuike pati. Mawu anali nawo ambiri, osunga zaka zonsezo. Anatsegula kukamwa, milomo inayenda, koma liwu silinatuluke. Achemwali, amene ankadziwa kuwerenga milomo imeneyo kuposa munthu wina aliyense padziko, anayang'ana mpaka anamaliza. Misozi inatsika m'masaya mwawo.

"Ndamva," anatero.

Pobwerera kunyumba mkazi wake ndiye ananyamula wayawo, ataukulunga padzanja. Atafika pamphambano mayiyo anatembenukira kwa iye.

"Ndinakumvanitu."

"Zinali bwanji?"

"Munafulumira, ndipo kumapeto munakhota. Koma ndinalira, ndipo sikuti chifukwa cha makutu."

Masiku ano Ana a Telala sayimbanso pagulu. Achimwene anapuma pantchito, ndipo amauza aliyense wokhala nawo pafupi m'basi kuti besi ija inali yawo, anthu n'kumawavomera mwachisoni. Chitsiriza anasamukira kwa mwana wake. Shopu ikadali pamsewu wa kumsika, ndipo masana alionse Achemwali amabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, n'kukhala pampando wa makasitomala. Mayina a zidzukulu anayamba kuwasokonekera, koma dzuwa likapendeka amafuna nyimbo, chapansipansi, kuti dokotala asamve. Nsomba amaimitsa makina, amalavula mapini, amatembenuza mpando wake chammbali, n'kutsegula kukamwa. Akafika pa vesi lachitatu Achemwali amakhala chete kumudikira. Iye amayimba mzere wake uja mokweza, mokhota momwemo, kenako amawapatsa yankho ndi milomo.

Odutsa pamsewu amamva, amapukusa mitu, akuti ukalamba ndi woipa, taonani mmene wathera besi ija.